Mabatire atatu pa zaka ziwiri: nkhani ya Peugeot 504 ya ku Zomba

Nkhani iyi ndikulembera anzanga a zamagetsi a galimoto, makamaka inu amene mumaitanidwa kumakomo kuti galimoto yakana kulira ndiye mumangofika ndi batire lobwereka paphewa. Inenso ndinkatero. Galimoto imene yandisiyitsa khalidwe limeneli ndi Peugeot 504 ya 1978, ya petulo, ya kabuleta, imene imakhala m'galaja ina ku Zomba. Ndinayamba kuiona mu July 2022.

Mwini wake weniweni anamwalira kalekale, anali bambo wogwira ntchito m'boma ndipo galimotoyi ankaisamala ngati mwana. Inatsala ndi mayi a pakhomopo, achikulire ndithu, sayendetsa, komanso safuna kumva zoigulitsa. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, ndi amene amatumiza ndalama zokonzetsera. Nthawi imeneyo galimoto inkatuluka mwina katatu kapena kanayi pa chaka, pakakhala ukwati wa pachibale, chinkhoswe, kapena mwanayo akabwera pa Khisimasi. Masiku ena onse inkangokhala phee m'galaja ya malata, yofunditsidwa nsalu. Amene sadziwa, 504 inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo kuno inali galimoto ya mabwana ndi ya mataxi omwe, mawaya ake ndi ochepa, mulibe kompyuta ngakhale imodzi, ndiye galimoto yotere ikaima sipayenera kukhala chinthu chodya moto wa batire kupatula kawotchi ka padashibodi.

Achimwene a ku Joni aja anandiimbira pa WhatsApp atakwiya kale. Akuti amisiri, ndagula mabatire atatu pa zaka ziwiri, kodi mabatire a masiku ano ndi abodza kapena pali wina akumasinthitsa? Apa ankaganizira mnyamata wogwira ntchito pakhomopo, ndipo zinaoneka kuti ntchito yake inali pa ulusi. Iwo ankafuna ndingowauza mtundu wa batire lolimba, agule, nkhani ithe.

Nditafika ndinayamba ndi kufunsa, osati sipanala. Mayi aja anati galimoto timaisamala ife, mnyamatayu amailiza Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi, imalira mphindi khumi kenako amazimitsa, ndi momwe malemu amuna anga ankachitira. Ndinafunsa mnyamatayo kuti ikakana amatani. Poyamba ankazembazemba, kenako anaulula kuti amabwereka batire kwa neba wina wa minibasi, amachotsa la mu 504 ndikuikamo lobwerekalo, ikalira amazula injini ikuyenda ndikubwezeretsa lakufalo kuti litchajike. Mtima wanga unangoti myuu. Izi timazichita tonse m'madepoti ndi m'misika, koma ndi njira yachidule yophera otaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamayenda. Batire ndi limene limameza moto wochuluka umene otaneta ikutulutsa, ndiye ukalizula injini ikuyenda mavoti amalumpha kamphindi kochepa ndipo amene amapsa ndi madayodi, tizipangizo ta mkati mwa otaneta timene timalola moto kupita mbali imodzi yokha. Sindinanene kanthu pomwepo, ndinangosunga mumtima.

Batire limene linalipo linali la 60Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), la zitsekerero zotsegula, la miyezi isanu ndi itatu. Pa mita linaonetsa mavoti 11.6 lisanagwire ntchito iliyonse. Lodzaza bwino limakhala pa 12.6 kapena 12.7, likafika 12.2 ndiye kuti latsala theka, pansi pa 12 ndi lophwa. Ndinayeza asidi ndi haidiromita selo ndi selo, onse asanu ndi limodzi anali cha pa 1.150, pamene lodzaza limakhala cha pa 1.260 kupita m'mwamba. Chimene chinandipatsa chiyembekezo ndi chakuti maselo onse anatsika mofanana. Selo imodzi ikatsalira yokha kutali ndi anzake ndiye kuti yafa ndipo palibenso chochita, koma onse akatsika limodzi nthawi zambiri batire langokhala ndi njala. Pamwamba pake panali fumbi lonyowa ndi asidi, matemino atachita zoyerayera zija, ndipo nditaika waya umodzi wa mita pa temino, wina ndikumayendetsa pa pulasitiki ya pamwamba, mita inkawerenga mavoti. Kutanthauza kuti litsiro lomwelo linkadutsitsa moto pang'onopang'ono. Ndinapempha soda kwa mayi, yemweyu wothira mu therere, ndikusungunula m'madzi ndikutsuka, zitsekerero zili zotseka bwinobwino kuti asalowe mkati chifukwa soda akalowa amapha asidi.

Ndinaika batire langa labwino kuti ndiyeze galimotoyo payokha. Kiyi kunja, zitseko zotseka, ndinamasula temino ya negetivu ndikulumikiza mita pakati, pa malo a 10A. Chenjezo kwa achinyamata amene mukuphunzira, mita ikakhala pakati chonchi musayerekeze kupotokola kiyi, fyuzi ya mita imapsa pompo. Inawerenga 0.21A. Pa galimoto ya masiku ano yodzaza makompyuta timati isapitirire 50mA, kutanthauza 0.05A, ndiye 504 ya 1978 ikudya 210mA ili chigonere, pali mbava penapake. Masamu ake ndi osavuta: 0.21 kuchulukitsa ndi maola 24 ndi pafupifupi 5Ah patsiku. Batire la 60Ah lifika theka m'masiku asanu ndi limodzi, pakutha masabata awiri mulibe kanthu.

Kuzula mafyuzi imodziimodzi sikunatenge nthawi, pa 504 ndi owerengeka. Mbava yoyamba inali wailesi yatsopano imene anaikitsa achimwene aja atabwera ulendo wina. Woikayo anapotera pamodzi waya wofiira ndi wachikasu ndikulumikiza onse ku moto wosazima, pamene wachikasu wokha ndi umene umayenera kukhala ku batire kuti wailesi isaiwale masiteshoni, wofiira umayenera kudzera ku kiyi. Inkadya 40mA. Yachiwiri inali alamu yakale yobisika pansi pa dashibodi, sailini yake inafa kalekale, limoti inatayika, pakhomopo palibe amene ankadziwa kuti ilipo, koma inkadyabe 30mA usana ndi usiku. Nditachotsa ziwirizi ndikuzula mafyuzi onse, mita inatsalabe pa 140mA.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, chifukwa timaganiza kuti mafyuzi onse akatuluka palibenso njira ya moto. Ilipo. Waya waukulu wochokera ku batire kupita ku sitata ndi ku otaneta sudutsa m'bokosi la mafyuzi. Ndinamasula waya wonenepa wa kumbuyo kwa otaneta, mita inagwa mpaka pafupifupi ziro. Dayodi ntchito yake ndi kulola moto kupita mbali imodzi basi, kuchoka ku otaneta kupita ku batire, ndiye ikawonongeka imasanduka ngati mpope wodontha, injini ikazima moto umabwerera ndikumathera m'makoilo. Nditaliza injini ndinapezanso mbali ina ya vuto lomweli: ili pa aidulo mavoti 13.0, ndikaponda mafuta 13.5 osapitirira, pamene timafuna pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kababu kofiira ka batire pa dashibodi kankayaka mozimiririka, kosaoneka masana pokhapokha utatchinga ndi dzanja. Otaneta inkapereka pang'ono injini ikamalira, ndikulanda zambiri ikazima.

Tsopano za kuliza Lamlungu lililonse zija, pano ndiimepo pang'ono chifukwa ndi chikhulupiriro chimene chili paliponse ndipo anthu amachita ndi mtima wabwino. Galimoto ya kabuleta ikakhala sabata m'galaja yotentha, petulo wa m'kabuleta amauma, ndipo pampu yake ndi yoyendetsedwa ndi injini, si yamagetsi, ndiye pamafunika kupukusa sitata nthawi yaitali kuti mafuta akwere kuchokera ku thanki. Ndinamuuza mnyamatayo andionetse momwe amachitira, anapukusa kanayi, zonse pamodzi pafupifupi theka la mphindi. Sitata imakoka ma amp opitirira 100, ndiye kuliza kokhako kwadya kale pafupifupi 1Ah, kuwonjezera pa 35Ah imene yapita mkati mwa sabata. Kenako mphindi khumi pa aidulo, pamene otaneta yakale ngakhale yabwinobwino imapereka zochepa. Kutunga madzi ndi dengu kumeneko. Sabata iliyonse batire linkatsika kuposa sabata yapita, ndipo batire la asidi likakhala lophwa nthawi yaitali mapuleti ake amamera timiyala ta salufeti touma timene tchaja sithanso kusungunula. Mabatire awiri oyamba aja anafa imfa imeneyi, sanali abodza ndipo palibe anawasinthitsa. Komanso mphindi khumi sizikwana kutenthetsa injini mpaka chinyezi chituluke, chimatsalira mu oilo ndi mu ekizozi, ndipo sailensa ya galimotoyi inali itabooka kale pansi chifukwa cha dzimbiri lochokera mkati.

Ndinawaimbira achimwene a ku Joni ndili pomwepo, mayi akumva. Ndinawauza kuti batire lachinayi lifa ngati anzake ngati sitikonza otaneta, ndipo mnyamata sanabe kanthu. Za kuzula batire injini ikuyenda ndinazinena mwachidule, kuti ndi njira imene anaphunzitsidwa ndi akuluakulu a minibasi, sanaipeke yekha. Anavomera. Otaneta ndinapita nayo ku Limbe, sitinapeze madayodi atsopano a mtundu umenewo, tinachotsa pa otaneta ina yakale ya 504 imene makoilo ake anapsa koma mbale ya madayodi inali yamoyo. Panali maganizo oti tingoikapo otaneta ya galimoto ya ku Japan yokhala ndi regyuleta mkati, zimatheka ndipo ndinazichitapo pa magalimoto ena, koma pamafunika kusula bulaketi ndi kusintha mawaya, ndipo banjali likufuna galimoto ikhale momwe bambo anaisiyira. Nditabwezeretsa inapereka 14.1. Alamu ndinaichotseratu, wailesi ndinalumikiza moyenera, kudya kwa galimoto itazima kunatsika kufika 5mA.

Batire lija ndinalitenga kwanga ndikulitchaja pang'onopang'ono pa 3A, zinatenga masiku anayi chifukwa cha magetsi. Mukukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January magetsi ankazima maola ambirimbiri tsiku lililonse. Asidi anakwera kufika 1.235, sanafike pa chidzalo koma linkaliza galimoto bwinobwino, ndiye ndinaona kuti palibe chifukwa chowagulitsa lina, kwacha inali itangogwa mu May ndipo mitengo ya mabatire inali itakwera.

Kulakwitsa kwanga kunayambira apa. Ngakhale galimoto isadye kanthu, batire limadziphwera lokha, ndipo kutentha kumafulumizitsa, kukatentha ndi madigiri 10 owonjezera liwiro la kuphwako limawirikiza pafupifupi kawiri. Galaja ya malata mu October ndi uvuni. Ndiye ndinati pakhale tchaja. Ndinawagulira katchaja kotchipa ka thiransifoma, kaja kolemera kokhala ndi kasingano kutsogolo, ndikumuuza mnyamatayo kuti azilumikiza usiku umodzi pa masabata awiri aliwonse, m'mawa azichotsa. Ndinalemba pa pepala ndikumata pakhoma, ndinachoka ndikudziona ngati katswiri.

Kumayambiriro kwa November mayi anaimba okha. Akuti amisiri, m'galaja mukununkha ngati mazira oola. Ndinasiya zonse ndikukwera minibasi. Ndinapeza tchaja ili cholumikizidwa, batire likutentha ngati mbale ya nsima, m'mbali litatupa, matemino atachitanso zoyera kuposa poyamba, thireyi ya pansi pake itayamba kudyeka. Choyamba ndinazimitsa pa soketi ya pakhoma ndisanakhudze kilipi iliyonse, ndikutsegula zitseko zonse, chifukwa batire lowira limatulutsa mpweya wa haidirojeni ndipo kamoto kakang'ono kongothetheka pa temino kakhoza kuliphulitsa kumaso. Nditatsegula zitsekerero, madzi anali atauma mpaka mapuleti kuonekera, selo imodzi itauma gwa. Tchaja ija inkakankha mavoti 15.6 osaleka.

Mnyamatayo anafotokoza zomveka ndithu. Usiku umene ankayenera kulumikiza, magetsi kunalibe. Usiku wotsatira anabwera cha m'ma 11 ndikuzimanso mbandakucha, sanadziwe ngati latchajika kapena ayi. Ndiye poopa kuti batire lifanso ndipo amunenanso kuti waba, anangoisiya cholumikiza kuti magetsi akabwera nthawi iliyonse izitchaja yokha. Masabata asanu ndi limodzi. Ataona madzi akutsika anathiramo a pampopi, kawiri. Ine manyazi anandigwira, chifukwa tchaja ya mtundu umenewu ndimaidziwa, ilibe nzeru yodziwa kuti batire ladzaza, imangokankha basi, ndipo ndinaisiya m'manja mwa munthu amene anali kale ndi mantha, m'chaka chimene palibe ankadziwa kuti magetsi abwera nthawi yanji. Dongosolo langa linkafuna magetsi odalirika ndi munthu woyang'ana wotchi, zonse ziwiri panalibe. Achimwene a ku Joni ndinawauza chilungamo kuti ili lapsa chifukwa cha ine, batire latsopano anagula iwo koma ntchito yonse yotsatira sindinalipiritse.

Ulendo uno sindinathamange. Mnzanga wina anandibwereka tchaja yanzeru, ija imati ikadzaza batire imatsika yokha ndikungolisunga cha pa 13.5, yopangidwira magalimoto ndi njinga zamoto zongokhala. Kumayiko kumene magetsi sazima imeneyi ndiye yankho, umalumikiza ndikuiwala. Ndinaiyesa kaye kwanga sabata yathunthu, ndipo ndinapeza kuti iyi imene ndinabwerekayi magetsi akazima ndikubweranso siyambiranso yokha, imadikira munthu adine batani. Zilipo zina zimene zimakumbukira ndikupitiriza zokha, ndiye amene mukufuna kugulira kasitomala yesani kaye, zimitsani pa soketi ndikuyatsanso muone ngati yapitiriza. Kwa ife sinathandize, zikanabwereranso pa mnyamata yemwe uja.

Chimene tinachita ndi zinthu ziwiri. Ndinaika switchi yodula moto pa temino ya negetivu, yopotokola ndi dzanja, ndiye galimoto ikalowa m'galaja ndikuzimitsidwa amapotokola ndipo palibenso waya uliwonse wa galimoto umene uli ndi moto. Izi zinandichotseranso nkhawa ina, mawaya a zaka zoposa 40 m'galaja yolowa makoswe akhoza kuyambitsa moto usiku anthu ali mtulo. Wailesi imaiwala masiteshoni, mayi anati zilibe kanthu, iwo amamvera ya m'nyumba. Kenako padenga ndinaika kapanelo ka sola ka 10W, kamene dzuwa likaomba bwino kamapereka cha pa theka la amp, kodutsa mu kontirola yaing'ono imene imadula yokha batire likadzaza. Ena amalumikiza panelo molunjika ku batire ati poti ndi kakang'ono, ine nditaona zimene ndinaona mu November sindikanayerekeza, panelo ya 12V yopanda kontirola imatha kukwera kupitirira mavoti 18. Mawaya a kontirola ndinalumikiza ku matemino a batire enieniwo, kuseri kwa switchi, kuti switchi ikadula sola izigwirabe ntchito, ndi fyuzi yaing'ono pafupi ndi temino ya pozitivu, ndi pulagi yozula ndi dzanja limodzi galimoto ikamatuluka. Panelo tinaimanga ndi mabawuti odzera mkati mwa denga chifukwa sola padenga lofupika imaitana alendo a usiku.

Ntchito ya mnyamata inatsala yochepa ndipo palibe yodalira wotchi: kupukuta fumbi ndi masamba pa panelo, kuona ngati kababu kobiriwira ka pa kontirola kakuyaka, ndi kusuzumira madzi kumayambiriro kwa mwezi. Ndinamusiyira botolo la madzi a batire ogula, ndikumuuza kuti a pampopi ndi a pa mjigo ali ndi mchere umene umawononga mapuleti, ndiponso kuti asadzathire asidi, chifukwa amene amauma ndi madzi okha, asidi amatsala momwemo. Pa switchi ndinamangirirapo kachikwangwani kuti asapotokole injini ikulira, chifukwa kutero ndi chimodzimodzi kuzula batire kuja.

Chovuta kwambiri chinali kuletsa zoliza Lamlungu. Kwa mayi aja sinali nkhani ya batire, kulira kwa injini ija Lamlungu masana ndi kumene kunkawakumbutsa amuna awo, ndipo ndinaona nkhope yawo itasintha nditanena kuti zisiyike. Tinagwirizana kuti m'malo mwake galimoto izituluka kamodzi pamwezi, mphwawo wina amene ali ndi laisensi aziyendetsa, iwo atakhala kutsogolo, kutsata msewu wa ku Blantyre mpaka pa Namadzi ndikubwerera. Ulendo wotere umatenthetsa injini mokwanira, mabuleki amagwira ntchito, matayala sakhalira mbali imodzi, petulo sakalamba mu thanki. Miyezi yoyamba zinkalephereka chifukwa inali nthawi ya mizere ya mafuta ija, palibe akanagona pa filing'i siteshoni chifukwa cha ulendo wokaona Namadzi, ndiye galimoto inakhala osalira kuyambira pakati pa November mpaka Khisimasi. Achimwene atafika kuchokera ku Joni anapotokola switchi, anapukusa katatu kuti mafuta akwere, inalira.

Mayeso enieni anabwera mu March 2023 ndi namondwe Freddy, masiku angapo mvula osakata, dzuwa osaoneka. Misewu itayamba kuyendeka ndinapita kukaona. Ndinazula pulagi ya sola, ndikudikira maola awiri kuti mavoti a pamwamba atsike, mita inati 12.6. Kontirola nayo imadya timoto tochepa usiku, ndiye ndinkaopa kuti sabata ya mitambo ikhoza kulitsitsa, koma batire lodzaza lopanda chokoka silitsika msanga chotero. Chimene ndinapeza cholakwika ndi china, madzi ankadontha pa bowo la bawuti limodzi ndikumagwera pa buti ya galimoto, ndinamata.

Batire lija linaikidwa mu November 2022 ndipo pomwe ndinapitako komaliza, chakumapeto kwa 2024, linali lomwelo, asidi cha pa 1.255 maselo onse, madzi awonjezeredwa katatu kokha. Mnyamata uja akadali pantchito, ndipo anagula kamita kake kotchipa, amanditumizira chithunzi cha mavoti mwezi uliwonse ndisanamufunse. Tchaja ya thiransifoma ija ndinaitenga, ili kwanga pa shelefu, ndimatchajira mabatire a makasitomala ine ndili pomwepo. Sailensa sitinasinthebe, achimwene akuti abwera nayo okha kuchokera ku Joni.